Atiuza kuti tigule umembala wa kampu ya makalavani: kodi tisaine?

Mayi wina amene amakhala kufupi ndi South Bend, ku Indiana, wandilembera motere:

"Achimwene, ine ndi bambo a kunyumba tinagula kalavani yakale yokoka ndi galimoto. Tili ndi ana awiri. Mwezi watha tinakagona masiku atatu pakampu ina yaikulu ya mamembala, ya Thousand Trails. Ana anasangalala kwambiri ndi dziwe losambira. Tisanachoke, munthu wogulitsa umembala anatikhazika pansi n'kutiuza kuti tikalowa tizigona ulere m'makampu awo ambirimbiri. Bambo akuti tisaine, mwinanso tisiye nyumba ya lendi m'miyezi yotentha tizikhala komweko kuti tisunge ndalama. Ine mtima ukukana, koma sindikudziwa chifukwa chake. Kodi ndi chinyengo? Nanga moyo wa pamalo oterewa ndi wotani munthu ukakhalitsa?"

Mayi, khazikani mtima pansi. Si chinyengo. Kampaniyi ndi yakale, inayamba m'dera la Washington, ndipo kampu yake yoyamba inali ku Chehalis. Kuyambira 2008 ili m'manja mwa Equity LifeStyle Properties ya ku Chicago, ndipo ili ndi makampu pafupifupi 80. Anthu ambiri amene ndakumana nawo pamsewu amakhutira nayo. Koma mtima wanu ukukananso zoona, chifukwa mawu oti "ulere" ali ndi michira yake, ndipo wogulitsa ntchito yake si kukuonetsani michirayo. Ine ndakoka kalavani kwa zaka zambiri, ndagona m'makampu a mamembala, a boma ndi a anthu wamba, ndipo ndinganene kuti umembala umapindulitsa banja lina n'kusaukitsa banja lina pa mtengo womwewo. Kusiyana kwake kuli pa chiwerengero cha mausiku amene mudzagonadi kumeneko.

Poyamba tichotse maganizo amodzi amene ife obadwira kwathu timafika nawo. Tikamva zoti talipira ndalama zambiri pamalo, mumtima timaona ngati tagula puloti. Apa simukugula malo. Mulibe ngakhale phazi limodzi la dothi lomwe ndi lanu. Chimene mukugula ndi chilolezo chosungitsa malo ogona popanda kulipira usiku uliwonse, malinga ngati malowo alipo, ndiponso malinga ndi malamulo a chilolezocho. Mukasiya kulipira ndalama za pachaka, chilolezo chatha, ndipo palibe chotsala m'manja.

Umembalawu uli m'magulu awiri akuluakulu, ngakhale mayina ake amasinthasintha. Pali chiphaso cha chaka chimodzi, cha madola mazana angapo. Kampaniyi inagawa dziko la America m'zigawo zisanu, ndipo mumasankha chigawo chimodzi. Inu chanu ndi cha Midwest. Mukafuna chigawo china mumawonjezera ndalama. Kenako pali umembala wapamwamba wa madola masauzande angapo, umene kale ankalola kulipira pang'onopang'ono ndi chiwongoladzanja, ndipo pamwamba pake pankakhalabe ndalama za chaka ndi chaka. Ndikukayika ngati wogulitsa uja anathera nthawi yake pa chiphaso chotchipacho.

Lamulo limene muyenera kulimvetsa kuposa ena onse ndi ili. Ndi chiphaso cha chaka, mukhoza kugona mausiku 14 motsatizana, kenako muyenera kutuluka m'makampu awo onse kwa mausiku 7 musanabwererenso. Si kutuluka pakampu imodzi n'kukalowa ina yawo ayi, ndi kutuluka mwawo monse. Mukagona mausiku 4 kapena ochepera apo, ndiye mukhoza kuchoka pakampu ina n'kulowa ina popanda kudikira. Umembala wapamwamba ndi umene umalola kukhala mpaka mausiku 21 n'kusamukira pakampu ina yawo tsiku lomwelo. Ndiye chimene anthu amalipirira masauzande aja makamaka ndi kuchotsa sabata yokhala kunja ija, ndiponso kusungitsa malo kudakali miyezi yambiri. Wa chiphaso chotchipa amasungitsa kutatsala masiku 60. Wapamwamba amayamba kusungitsa kale kwambiri inu musanaloledwe n'komwe.

Tsopano tiwerengere limodzi maganizo a bambo aja osiya lendi. Tiyerekeze mwaganiza zokhala m'kalavani miyezi isanu ndi umodzi, masiku 180. Pa masiku 21 alionse, 7 muli kunja. Ndiye kuti mausiku 60 mukafunafuna kwina kogona, ndipo mukalipira. Tiyerekeze kampu wamba ikulipiritsa madola 50 usiku umodzi. Amenewo ndi madola 3,000, kuphatikiza apo mafuta okokera kalavani, gasi wophikira, ndalama zochapira zovala pamakina a pakampu, ndi kosungira katundu wa m'nyumba mwasiyayo. Komanso sabata ziwiri zilizonse mukumasula mapaipi, kupinda zonse, kumangirira, kukoka, kukaimika kwina, ndipo m'mawa mwake wina akupita kuntchito. Kwa anthu opuma pantchito amene akuyendayenda dziko lonse, imeneyo ndiyo njira ya moyo wawo ndipo amaikonda. Kwa banja la ana awiri limene ntchito yake ili malo amodzi, ndi goli.

Onaninso mapu. Kufupi ndi kwanu kuli Bear Cave ku Buchanan, Michigan, m'mbali mwa mtsinje wa St. Joseph, ulendo wa pafupifupi theka la ola. Koma ina ya ku Indiana monga Indian Lakes ili ku Batesville, pakati pa Indianapolis ndi Cincinnati, maola atatu ndi kupitirira. Ndiye ngakhale mutagula umembala wodula uja wolola kudumpha kuchoka pakampu ina kupita ina, yodumphirayo ili kutali ndi kuntchito. Makampu a kampaniyi anaunjikana kwambiri m'mbali mwa nyanja zazikulu, ku Washington, Oregon, California, ndiponso ku Texas ndi kummawa. Pakati pa dziko ndi apo ndi apo. Ndipo kumpoto kuno makampu ambiri amatseka nyengo yachisanu, amatsegula cha mu Epulo kapena Meyi n'kutseka cha mu Okutobala. Chaka chanu cha umembala, ngati simupita kummwera, ndi theka la chaka.

Ngati cholinga chenicheni ndi kukhala malo amodzi miyezi yonse yotentha, chimene mukufuna si umembala wamtunduwu. Funsani za malo a nyengo yonse kapena a chaka. Makampu ambiri, a mamembala ndi ena omwe, amabwereketsa malo amodzi oti muimikepo kalavani osaisuntha, magetsi mumalipira padera malinga ndi mita. Koma funsani mosabisa ngati amalola kukhalamo tsiku ndi tsiku, chifukwa ena amalola kubwera kumapeto a sabata ndi patchuthi basi, ndipo malamulo a boma la deralo nthawi zina amaletsa kusandutsa kampu kukhala mudzi.

Pali nkhani ina imene ogulitsa saiganizira chifukwa iwo anabadwira konkuno. Kampu si adiresi. Ambiri salola kuti makalata anu azifikira kwa iwo, ndipo sukulu ya ana imafuna umboni wa kumene mukukhala. Ngati wina m'banjamo sanakhale nzika ya America, lamulo limafuna kuti mudziwitse a USCIS, ofesi ya boma yoona za anthu obwera kuchokera kumayiko ena, pasanathe masiku 10 mukasintha adiresi. Kalata ya ku ofesi imeneyo ikasochera chifukwa munasiya nyumba n'kumayendayenda, ndalama zonse munasunga zija sizingalipire mutu umene ungakupwetekeni. Musanasiye nyumba, lankhulani ndi loya wa nkhani zolowa ndi kutuluka m'dziko. Apa ndiye sindikunyengererani.

Mwafunsanso za moyo wa pamalopo. Masiku atatu amene munakhala aja munaona nkhope ya Lamlungu. Kampu yaikulu ili ngati tauni yaing'ono: pali geti ndi mlonda wake, misewu yokhotakhota, zimbudzi ndi mabafa, nyumba yochezeramo, kochapira, dziwe, bwalo la ana, ndipo zina zili ndi malo oimikapo makalavani mazanamazana. Ya ku Clermont, kufupi ndi Orlando, munthu ukhoza kusochera ukuchokera kubafa. Koma malo onse sali ofanana. Ena ali ndi madzi, magetsi ndi paipi ya zonyansa. Ena ali ndi madzi ndi magetsi okha. Kwa nthawi yaitali mwambo wa makampu amenewa unali woti ukafika umazungulira wekha n'kusankha malo opanda munthu, ndipo ngakhale ena tsopano amakupatsiratu nambala, nzeru yake sinasinthe: wofika msanga pakati pa sabata amapeza pabwino, wofika Lachisanu dzuwa litapendeka amatola zotsala. Malo ambiri okongola, a m'mbali mwa madzi ndi a pamthunzi, mudzapeza kuti ali ndi eni ake a chaka chonse, atamangapo kale khonde ndi kubzala maluwa. Musakhumudwe, ndi mmene zilili.

Ine ndinaphunzira izi movutikira. Tsiku lina ndinafika pakampu ina usiku kutada, mvula ikugwa, ndipo malo okhawo otsala anali otsetsereka, kutali ndi paipi ya zonyansa. Ndinabwerera chambuyo kasanu kalavani ikukana kulowa, mayi a kunyumba ali panja ndi tochi akukuwa "kumanzere!" pamene ine pagalasi ndikuona kumanja. Azungu oyandikana nawo anatuluka ndi mipando yawo kudzaonerera, mpaka mkulu wina anamva chisoni n'kudzanditsogolera. Chiyambire tsiku limenelo sindifikanso pakampu dzuwa litalowa.

Magetsi ndiwo amadabwitsa alendo ambiri. Pamtengo wa magetsi pamakhala pobayira pa 30 amp kapena pa 50 amp (amp ndi muyezo wa kuchuluka kwa magetsi). Musanyengedwe ndi manambalawo kuti akuyandikana: 30 amp imakupatsani mawati 3,600, pamene 50 amp imafika 12,000. Kalavani yaing'ono ngati yanu mwina ndi ya 30 amp, ndiye mukayatsa choziziritsira mpweya, mayikulowevu ndi ketulo nthawi imodzi, zonse zithima. Phunzirani kusinthanitsa, monga timachitira kwathu pa jenereta. Makampu akale amakhala ndi mawaya okalamba, ndipo tsiku lotentha aliyense akayatsa choziziritsira, mphamvu imatsika. Zimenezi zimawotcha makina pang'onopang'ono. Gulani kachipangizo koteteza magetsi kobaya pakati pa mtengo ndi kalavani, makamaka kamene kamadula magetsi akatsika kapena akakwera kwambiri. Gulaninso kochepetsa mphamvu ya madzi, chifukwa mapaipi a m'kalavani ndi apulasitiki ndipo amakonda mphamvu ya pakati pa 40 ndi 50 psi (psi ndi muyezo wa mphamvu ya madzi m'paipi). Mpopi wa pakampu nthawi zina umaposa pamenepo, ndipo paipi ikaphulika kuseri kwa kabati mudzadziwa pansi patavunda.

Za chimbudzi ndinene mosapsatira, pepani. Kalavani ili ndi matanki awiri a madzi oipa: la madzi a kusinki ndi kubafa, ndi la chimbudzi. Cholakwa cha pafupifupi mlendo aliyense ndi kusiya vavu ya tanki ya chimbudzi yotsegula poganiza kuti zonse zizingopita. Madzi amapita, zolimba zimatsala, zimaunjikana n'kuuma ngati chulu, ndipo kuchotsa kwake ndi ntchito yoti simungaifunire mdani wanu. Isiyeni yotseka mpaka tanki itatsala pang'ono kudzaza, tsegulani ya chimbudzi poyamba, kenako ya kubafa kuti itsuke paipi. Valani magolovesi, ndipo paipi ya madzi akumwa isayandikire ntchito imeneyi. Ngati malo anu alibe paipi ya zonyansa, banja la anthu anayi lidzadzaza tanki ya kubafa m'masiku awiri kapena atatu, ndiye muzisamba kumabafa a pakampu.

Malamulo a pakampu ndi ochuluka koma osavuta. Liwiro ndi la kamba, mamailosi 5 kapena 10 pa ola, chifukwa ana ali ponseponse panjinga. Pali maola a chete, kawirikawiri kuyambira 10 kapena 11 koloko usiku. Apa ife tiyenera kudzigwira. Tikakumana anthu akwathu, nyama ili pamoto, nsima yapsa, nkhani zafika pa ndale za kumudzi, mawu amakwera osadziwa, ndipo khoma la kalavani ya mnzako lili mamita atatu kuchokera pa iwe. Alendo odzakuonani amalembetsa pageti ndipo pena amalipira. Musaitane mpingo wonse musanafunse kuti malo amodzi amalola anthu ndi magalimoto angati. Osadutsa pamalo a munthu wina pofuna kudula njira, ngakhale palibe mpanda. Kuno amaona ngati walowa m'nyumba mwawo. Nkhuni gulani komweko. Madera ambiri amaletsa kunyamula nkhuni kuchokera kutali chifukwa cha tizilombo toononga mitengo, monga kachikumbu kamene kanapezeka ku Michigan mu 2002 n'kupha mitengo ya ash yosawerengeka. Ndipo bambo akafuna kuwedza mumtsinje, akhale ndi chiphaso cha dera limenelo. Cha Indiana sichigwira ntchito ku Michigan.

Mwina mukudzifunsa ngati anthu akuda amalandiridwa bwino, ngakhale simunalembe. Kunena zoona, m'makampu ambiri mudzapezeka muli nokha kapena ndinu ochepa. Ine kawirikawiri ndakumana ndi anthu ochezeka, okonda kufunsa kumene ndinachokera ndi kubwereketsa zida. Ndakumananso ndi maso ozizira ndi mbendera zina zosasangalatsa. Ubwino wa kampu yaikulu ya geti ndi woti pali ofesi yokadandaulako, ndipo mukhoza kupempha kusintha malo.

Ziwiri zokhudza moyo. Onetsetsani kuti kalavani yakaleyo ili ndi zochenjeza za utsi, za gasi wophikira ndi za mpweya wakupha wosanunkha wa carbon monoxide, ndipo zikugwira ntchito. Zipangizozi zimakalamba, zimafuna kusinthidwa pakapita zaka zingapo. Mbaula ya makala isalowe m'kalavani ngakhale kuzizire bwanji. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru muli mkati, tulukani nonse n'kuimba 911. Chachiwiri, ku Midwest kuno kumawomba mphepo yamkuntho yozungulira ya tornado m'miyezi yomweyo ya kampu. Tsiku lofika funsani kuti kothawira n'kuti, kawirikawiri ndi nyumba ya njerwa ya mabafa, ndipo dziwani dzina la county (boma laling'ono) imene muli chifukwa machenjezo amatchula mayina amenewo. Kalavani si pobisalira.

Tibwerere ku cholembera chija. Langizo langa ndi loti musasaine umembala wapamwamba chaka chino. Ngati mwakonda malowo, gulani chiphaso cha chaka chimodzi, ndipo mulembe m'kabuku usiku uliwonse umene mwagonadi. Pakutha pa chaka gawani ndalama zonse munalipira ndi mausikuwo. Mukapeza kuti usiku umodzi wakutherani ndalama zochepa poyerekeza ndi kampu ya boma ngati Potato Creek, imene ili pafupi ndi kwanu komweko, ndiye kuti umembala ukukugwirirani ntchito. Mabanja ambiri ogwira ntchito amaganiza kuti adzagona mausiku makumi asanu, koma akawerenga amapeza khumi ndi awiri, ndipo ambiri mwa mausikuwo ndi a patchuthi cha Memorial Day, 4 Julaye ndi Labor Day, masiku amene aliyense akulimbirana malo ndipo a umembala wapamwamba anasungitsa kale. Ngakhale chiphaso chotchipachi funsani ngati chimangopitirira chokha chaka chikatha, ndiponso kuti muyenera kuwadziwitsa liti ndi motani ngati simukufuna kupitiriza. Funsaninso ngati mtengo wotsika umene akukupatsani sukukumangani zaka zingapo.

Mukadzafika poganiza za wapamwamba, pemphani kontalakiti yonse mupite nayo kunyumba. Wogulitsa akanena kuti mtengowu ndi wa lero lokha, mumuthokoze n'kunyamuka; mitengo ya "lero lokha" ndaiona ikubweranso mwezi wotsatira. Muyang'ane zinthu izi m'pepalamo, osati m'kamwa mwa munthu: umembalawu ndi wa zaka zingati, ndalama za pachaka zingakwere motani, ndi makampu ati enieni amene alimo, pali ndalama zowonjezera pa 50 amp kapena pa malo ena, ndipo mungatulukemo bwanji. Makampu a Encore, amene ndi a kampani yomweyo, salowa okha mu umembalawu. Amafuna kuwonjezera ndalama, ndipo ena a ku Florida ndi Arizona ndi a anthu a zaka 55 kupita m'tsogolo, ndiye banja la ana silingadalire amenewo. Dziwaninso kuti anthu amagulitsa umembala wawo wakale pamtengo wotsika kuposa watsopano. Zimenezi zikuuzeni ziwiri: mukhoza kupeza wotchipa, komanso wanuwo tsiku lodzagulitsa sudzabweza ndalama munalowetsa. Mukafuna kugula kwa munthu, imbirani kampani ndi nambala ya umembalawo kuti akutsimikizireni zimene zidzasamukire kwa inu ndi ndalama yosinthira dzina, ndipo musatumize ndalama kwa munthu wa pa Facebook musanachite zimenezi.

Ngati bambo asaina kale mwakachetechete, zimachitika, musataye nthawi ndi mkangano. Tsegulani kontalakiti lero lomwe mufufuze ndime yonena za kubweza umembala. Madera ambiri ali ndi lamulo lopatsa wogula umembala wa kampu masiku ochepa oti asinthe maganizo, ndipo masikuwo amasiyana dera ndi dera. Lembani kalata monga mmene ndimeyo ikunenera, itumizeni pa positi yosainira polandira, sungani kope. Kuimba foni kokha si umboni. Masikuwo akadutsa ndipo mukuona kuti munauzidwa zosiyana ndi zolembedwa, pitani ku nthambi yoteteza ogula ya ofesi ya Attorney General (loya wamkulu wa boma) wa dera lanu, kapena kwa loya. Musangosiya kulipira, chifukwa ngongoleyo ikapita kwa otolera ngongole idzadetsa mbiri yanu ya kirediti, ndipo mbiri imeneyo mudzaifuna tsiku logula nyumba.

Pakadali pano, popeza muli pafupi ndi Elkhart kumene makalavani ambiri a dziko lino amapangidwira, amisiri odziwa ntchitoyi sasowa. Pezani mmodzi ayendere denga la kalavani yanu, mabuleki, mapaipi a gasi ndi matayala musanapite ulendo wina. Matayala a kalavani amakalamba ndi zaka ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano. Tsiku lopangidwa lalembedwa m'mbali mwake, manambala anayi omaliza, awiri a sabata ndi awiri a chaka. Akapitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndalama zimene bambo amafuna kupereka kwa wogulitsa uja ziyambe zapita kumeneko.